MADZI AKAYERA M'MASO MUSAFULUMIRE KUMWA

Ambiri a inu muli ndi abale ku Migodi, ndipo munamva za tsoka limene linagwa pafupi ndi Chambishi pa 18 February 2025. Tsiku limenelo khoma la damu losungiramo zonyansa za mgodi wa kopa linagumuka, ndipo madzi a asidi anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi nakalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, chimanga cha m'mbali mwa mtsinje chinapserera, ndipo mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa. Boma la Zambia linatumiza ndege kukathira laimu mu mtsinje, monga umo ife tithirira laimu m'munda wa nthaka yowawasa.

Tsono mtsinje wotere ukayeranso, anthu ambiri ayesa kuti zoipa zatha. Iai, si choncho. Laimu apha ukali wa asidi, koma zitsulo zimene zinasungunuka m'madzi sizichoka. Zina zikhazikika m'matope, zina zilowa pansi pa nthaka. Chifukwa chake pamalo potere madzi ayenera kuyesedwa zaka zambiri. Ku Zambia ntchito imeneyi ayang'anira ndi mabungwe a Boma a ZEMA ndi WARMA.

MADZI A MU MTSINJE

Oyesa madzi atunga m'mabotolo oyera, ena kumtunda kumene zonyansa sizinafike, ena kumunsi, kuti alinganize. Poyamba aona muyeso wa asidi wotchedwa pH. Madzi akumwa akhala pakati pa 6.5 ndi 8.5, ndipo nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Pambuyo pake mabotolo apita ku nyumba yoyesera kukaona zitsulo. Bungwe la zaumoyo la WHO linaika malire akuti kopa asapitirire mamiligalamu 2 pa lita imodzi. Atapanso matope, pakuti madzi osefukira a dzinja avundula matopewo nakawasiya m'madimba.

MADZI A PANSI PA NTHAKA

Awa ndiwo ovuta, popeza sitiwaona. Mtsinje uthamanga, koma madzi a pansi ayenda pang'onopang'ono m'timipata ta mchenga ndi m'ming'alu ya miyala. Chitsime chimene chiri chabwino chaka chino chingathe kuipa patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Motero akumba zitsime zopapatiza zoyesera, china kumtunda kwa damu, zina pakati pa damu ndi midzi, kuti chiphe chidziwike chisanafike kwa anthu. Asanatunge ayamba apopa madzi ogonera mu paipi, kenaka atenga atsopano ochokera m'nthaka. Ayesanso kuya kwa madzi m'chitsime chiri chonse kuti adziwe kumene alowera. Achita zimenezi dzinja ndi chirimwe chomwe.

ZOYENERA INU ALIMI

Ngati mukhala kufupi ndi mgodi kapena fakitale, kumbukirani izi. Kuphitsa madzi kupha tizirombo ta matenda, koma sikuchotsa zitsulo. Musalole ana kuponya miyala m'zitsime zoyesera kapena kuthyola zotsekera zake. Mukaona nsomba zirikufa, ng'ombe zirikukana kumwa, kapena ndiwo zam'dimba zirikufota mutathirira, uzani mfumu ndi mlangizi wanu tsiku lomwelo. Ndipo oyesa akatunga madzi m'mudzi mwanu, mfumu iwapemphe kuti abwere kudzanena zimene apeza pamaso pa anthu onse. Musachite manyazi kufunsa, pakuti madziwo amwa ndi ana anu.