Zochitika za Tsiku ndi Tsiku M'kalasi ya Pulayimale kwa Kabudula: Mafunso ndi Mayankho

Sukulu za pulayimale za kwa Kabudula, Nsaru, Mpingu ndi Namitete zili m'chigawo cha maphunziro cha Lilongwe Rural West. Zimatsata silabasi ya dziko lonse, ya zaka 8, ndipo mabuku ake amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Ana ambiri a m'derali amafika kusukulu akuyankhula kale Chichewa, chomwe ndi chiyankhulo cha pakhomo pawo.

Kodi tsiku la sukulu limayamba bwanji?

Limayamba ndi tsache. Ana amasesa m'kalasi ndi pabwalo, ena kukatunga madzi pamjigo, kufikira chitsulo cha belu chitalira. Akakhala pamizere amapemphera, kuimba nyimbo ya fuko ndi kumva zolengeza za mphunzitsi wamkulu. Akalowa m'kalasi amapereka moni kwa aphunzitsi ataimirira, kenako mayina amaitanidwa m'kaundula.

Phunziro limodzi limayenda motani?

Phunziro limatenga pafupifupi theka la ola. M'makalasi aang'ono limakhala ndi masitepe atatu: mphunzitsi amasonyeza yekha, kenako amachita pamodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Sitepe yachitatuyi ndiyo imasiyidwa kawirikawiri nthawi ikachepa, chonsecho ndiyo imaonetsa ngati phunziro lalowa.

N'chifukwa chiyani ana a Sitandade 1 masiku ano sayambira pa a, e, i, o, u monga kale?

Makolo amene adaphunzira ndi buku la Sosa amakumbukira njira yakale: malembo a liwu asanu aja choyamba, kenako ba, be, bi, bo, bu, mpaka afabeti yonse itatha. Njirayo idaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga, koma mwana ankatha masabata akulakatula maphatikizo asanakumane ndi mawu odziwika kwa iye.

Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga, imene idayamba m'chaka cha 2016, imayambira pa malembo amene amapezeka kwambiri m'Chichewa. Aphunzitsi amawakumbukira ndi mawu akuti anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Phindu lake limaoneka msanga. Mwana amene wadziwa a ndi n okha atha kale kuwerenga mawu akuti ana. Akawonjeza i ndi k amawerenga ina, kana, ika. Akamaliza malembo 9 aja amawerenga mano, mutu, moto, mame ndi nena, mawu amene amawamva pakhomo tsiku lililonse.

Ntchito ya m'kalasi imatsata dongosolo lomwelo. Ana amayamba ndi khutu, buku lisanatsegulidwe: mphunzitsi amatchula mawu, iwo n'kukweza chala akamva liwu limene akuphunzira. Amawomba m'manja powerenga maphatikizo, kawiri pa mu-tu, katatu pa chi-ma-nga. Kenako amaona lembo pabolodi, kulilemba m'malere ndi chala, kuliphatikiza ndi linzake, n'kupanga mawu.

Chichewa chimathandiza pa ntchitoyi chifukwa chimalembedwa pafupifupi monga chimatchulidwira, ndipo phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, kupatula m woima payekha wa m'mawu monga mtengo. Komabe chili ndi misampha yake. Lembo la h limasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Kachizindikiro kamodzi kamasiyanitsa ngoma, nyama ya kutchire, ndi ng'oma yovinira gule. Maphatikizo a malembo ambiri monga nkhwa wa mu nkhwangwa ndi ntchi wa mu ntchito amapunthwitsa ana ngakhale a Sitandade 3. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa adatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, koma salemba kukwera ndi kutsika kwa mawu. Motero mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, ndipo mwana amayenera kuwerenga chiganizo chonse kuti adziwe mtengo umene ukunenedwa.

Kalasi yonse ikamayankha mokweza pamodzi, si umboni woti ana akuwerenga?

Ayi, ndipo maganizo amenewa asocheretsa makolo ndi alendo ambiri. Munthu wodutsa pamsewu akamva kalasi ikugunda ngati kwaya amati kumeneko kukuphunziridwa. Koma m'kalasi ya ana 100, ana 15 a kutsogolo atha kunyamula mawu onse, otsalawo n'kumangotsatira milomo ya anzawo. Mwana wa mutu wabwino amaloweza tsamba lonse ndipo amalinena bwinobwino buku atalizondotsa.

Kuyankha pamodzi kuli ndi ntchito yake. Kumathandiza katchulidwe, ndipo mwana wamanyazi amapezapo mpata wotsegula pakamwa. Koma si kuwerenga. Kuyesa kwake n'kosavuta: mphunzitsi aloze mawu mosatsata mzere, ayambire kumapeto kwa tsamba, kapena alembe pabolodi mawu atsopano a malembo odziwika kale, n'kuitana mwana mmodzi wa kumbuyo. Amene waloweza amaima pomwepo. Amene wadziwa maliwu amaphatikiza pang'onopang'ono mpaka mawuwo atuluke. Kalasi imene ili ndi kaphokoso ka ana awiriawiri akuwerengerana, chala chili pa lembo, nthawi zambiri yapita patsogolo kuposa kalasi yogunda ija.

Ana amalemba pa chiyani?

Amalemba m'makope, pasileti, pabolodi ndi pansi. Kulemba pansi ndi chala kapena kamtengo ena amakuona ngati chizindikiro cha umphawi chabe, koma kwa mwana wa zaka 6 dothi ndi lothandiza: lembo limakhala lalikulu, dzanja lonse limayenda, ndipo cholakwika chimafufutika ndi chikhatho popanda kung'amba pepala. Mphunzitsi amayenda pakati pa mizere akuona amene watembenuza b kukhala d. M'makalasi apamwamba ntchito yolemba imakhala lembetso, chimangirizo, kalata ndi kukopera zolemba za pabolodi.

Nanga pabuleki?

Ana amadya chimene atenga, mbatata, chimanga chokazinga kapena mtedza, n'kusewera fulaye, phada ndi mpira wa mapepala.

Miyala, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zimene ana amatenga m'thumba n'zachiyani?

Zimenezo ndi zipangizo za masamu. Aphunzitsi amazitcha TALULAR, dzina lofupikitsa la njira yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalopo. Kwa Kabudula zinthuzo ndi zitsononkho, njere za chimanga, nyemba, mapesi, dongo ndi makatoni.

Chipangizo chothandiza kwambiri ndi mtolo wa timitengo 10 womangidwa ndi luzi. Nambala 32 imakhala mitolo itatu ndi timitengo tiwiri. Mwana akauzidwa kuchotsa 17 amapeza kuti timitengo tiwiri sitikwanira kuchotsapo 7. Amamasula mtolo umodzi, timitengo n'kukhala 12, mitolo n'kutsala iwiri. Akachotsa timitengo 7 ndi mtolo umodzi amatsala ndi mtolo umodzi ndi timitengo tisanu, ndiyo 15. Mwana amene wamasula luzi ndi manja ake amamvetsa chimene chimachitika pa samu yochotsera. Amene wangouzidwa kuti abwereke wani amafika Sitandade 5 osadziwa kuti waniyo ndi khumi, kapena kumene wachokera.

Mawerengedwe a Chichewa enieniwo amaphunzitsanso masamu. Chiyankhulochi chimawerenga mpaka zisanu, kenako chimati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi, monga momwe zala za dzanja limodzi zimathera n'kuyamba za linzake. Mwana wonena kuti zisanu ndi zitatu watchula kale samu ya 5 kuphatikiza 3. Pamsika wa pa Nsaru anthu amatchula mitengo ya zinthu m'manambala a Chingerezi, ndipo ana amabwera nawo manambalawo kusukulu, koma mphunzitsi wochenjera amagwiritsa ntchito mawerengedwe onse awiri.

Palinso kagolosale ka pakona ya kalasi, ka mapaketi otha ntchito a sopo, mchere ndi machesi, ndi ndalama zojambula papepala za K50, K100 ndi K500. Wina amagulitsa, wina amagula, wina amaona ngati chenje chabwera chokwanira. Ana amene amagulitsa mandasi kapena mtedza pamsika amaposa anzawo pa masewerowa ngakhale atakhala ofooka pa masamu a pabolodi. Izi zimasonyeza kuti chimene chimawavuta ndi kalembedwe ka samu, pamene kuwerengera kwenikweniko amakudziwa.

Kuimba ndi nthano m'kalasi si kutaya nthawi?

Makolo ena amadandaula kuti mwana akungoimba kusukulu. Dandaulo lotere limaiwala kuti mwana wa zaka 6 sangakhale pasimenti maola angapo akumvetsera. Nyimbo imasonkhanitsa kalasi, imasonyeza kuti phunziro lina latha ndipo lina likuyamba, komanso imasunga mndandanda wa masiku a sabata, miyezi ndi ziwalo za thupi. Nthano imaphunzitsa kutsata nkhani: chidayamba n'chiyani, chidatsatira n'chiyani, Kalulu adachitiranji zimenezo. Amenewa ndi mafunso omwewo amene mwanayo adzawapeza pa mayeso a kumvetsa nkhani. Ndagi nazo zimaphunzitsa kufanizira chinthu ndi chinzake. Nyimbo, magule, zojambula ndi zoumba zili ndi malo ake pandandanda wa maphunziro kuyambira pamene silabasi yatsopano idayamba kugwira ntchito mu 2007. Nthawi imatayika pokhapokha nyimbo ikaimbidwa kuti ana asasokose pamene mphunzitsi watuluka.

Kodi kuphunzira m'Chichewa sikuchedwetsa Chingerezi?

Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Nkhawa ya makolo ndi yomveka. Koma amene amati mwana aleke Chichewa kuti Chingerezi chilowe msanga sanaonetsetse mmene kuwerenga kumayambira. Munthu amaphunzira kamodzi kokha kuti lembo limaimira liwu ndiponso kuti mzere umayambira kumanzere. Luso limeneli amalitola mosavuta m'chiyankhulo chimene amachimva, n'kupita nalo ku chiyankhulo china. Mwana wa kwa Kabudula akaphatikiza mo ndi to amadziwa pomwepo kuti wawerenga moto, ndipo akalakwitsa khutu lake limamuuza. Akapatsidwa mawu a Chingerezi amene sanawamvepo, amalimbana ndi malembo ndi tanthauzo nthawi imodzi, ndipo alibe chomuuza kuti walakwitsa. N'chifukwa chake Chingerezi cha m'makalasi oyamba chimayambira pakamwa: moni, malamulo afupiafupi, mayina a zinthu za m'kalasi. Aphunzitsi ambiri amafotokozabe m'Chichewa pamene Chingerezi chakanika, ngakhale m'makalasi apamwamba.

Ntchito ya m'magulu imatheka bwanji ana atachuluka chonchi?

Kuchulukaku kudakula kwambiri mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya kupulayimale ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma makalasi aang'ono a kumidzi nthawi zambiri amapitirira pamenepo. Magulu a ana 15 ozungulira buku limodzi sathandiza: atatu amaona bwino, ena amaliona chozondoka, otsalawo amasewera. Chimene chimatheka ndi ntchito ya awiriawiri pamalo pomwe akhala, kapena magulu okhazikika okhala ndi mtsogoleri wogawa mabuku ndi kutolera makope.

Nyengo imasintha zochitika za m'kalasi?

Imasintha kwambiri. Temu yoyamba imadutsa m'dzuwa la Okutobala, pamene ana amawodzera pansi pa malata. Temu yachiwiri ndi ya dzinja: mvula ikamenya padenga mawu a mphunzitsi samveka, kalasi ya pansi pa mtengo imabalalika, ndipo ana a kutsidya kwa dambo amalephera kuwoloka. Ndi nthawi yomweyo ya njala ndi ya ntchito ya fodya, pamene ana ena amatsala kunyumba kuthandiza kuthyola ndi kusoka. Mwana wa Sitandade 1 akajomba milungu iwiri amaphonya malembo angapo, ndipo mawu onse okhala ndi malembowo amamukanika. Motero aphunzitsi amapatula nthawi yobwereza, ndipo komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mafumu amalondola ana ojomba. M'midzi ina ya Achewa mafumu adagwirizana kuti zinamwali ndi za kudambwe zizichitika sukulu itatsekera.

Wailesi ndi matabuleti zili ndi malo?

Zili nawo. Pulogalamu ya Tikwere idaphunzitsa makalasi aang'ono kudzera pa wailesi ya MBC, ndipo kuyambira mu 2023 ndondomeko ya BEFIT ikufikitsa matabuleti a kuwerenga ndi masamu kusukulu za boma pang'onopang'ono.

Mphunzitsi amadziwa bwanji kuti mwana waphunzira?

Amachonga makope, amafunsa mwana payekha, ndipo amalemba zimene wapeza m'buku la zotsatira. Silabasi imafuna kuti kuyesa kuzichitika temu yonse, kuwonjezera pa mayeso a kumapeto kwa temu. Mayeso a MANEB amabwera kamodzi, mu Sitandade 8, ndipo ndiwo amasankhira ana kusekondale. Mlangizi wa maphunziro wa zoni amayendera sukulu kukaona maphunziro, ndipo aphunzitsi amakumana ku TDC, malo a aphunzitsi a zoniyo, kukambirana kaphunzitsidwe.

Ana akaweruka, makolo angachitepo chiyani?

Ntchito ya kunyumba imachitika dzuwa lisanalowe, chifukwa nyumba zambiri zilibe magetsi. Kholo losadziwa kuwerenga lithabe kuthandiza: kumuuza mwana kuti aliwerengere mokweza tsamba la tsikulo, kumufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani, kumuwerengetsa nkhuku polowa m'khola, ndi kusunga buku la sukulu pamalo osadontha.