Asodzi a ku Elmina ndi Malamulo Atsopano a Panyanja

Lachiwiri asodzi a ku Elmina salowa m'nyanja. Mwambo umenewu ndi wamakolo, ndipo umasungidwa m'madoko ambiri a m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic m'dziko la Ghana. Tsiku limeneli mabwato amakocheza mothithikana m'dziwe la Benya, munsi mwa linga lakale limene Apwitikizi anamanga mu 1482, ndipo amuna amakhala pamthunzi n'kumasoka maukonde. Boma lisanayambe kulemba malamulo ausodzi, anthu amenewa ankadziwa kale kuti nyanja nayo imafunika kupuma.

Bwato limodzi limadyetsa makomo ambiri. Ntchito imayambira kunkhalango, kumene amisiri amagwetsa mtengo waukulu wotchedwa wawa n'kuusema. Thunthulo likafika kudoko, akalipentala amalikweza m'mbali ndi matabwa, kenaka wopaka utoto amalembapo mawu a pemphero kapena mwambi. Mwinibwato amagula injini ndi ukonde, koma kawirikawiri iye salowa m'madzi. Amene amatsogolera ulendo ndi kapitawo wodziwa mphepo ndi mayendedwe a nsomba, ndipo pansi pake pali alovi okoka ukonde usiku wonse. Aloviwa salandira malipiro a pamwezi. Nsomba zikagulitsidwa amayamba achotsa ndalama ya mafuta, yotsalayo n'kugawana ndi mwinibwato. Akabwerako chimanjamanja, ngongole ya mafuta imawadikira pa ulendo wotsatira.

Bwato likangogunda mchenga, ntchito imalowa m'manja mwa amayi. Iwo ndiwo amakambirana mtengo, kusenza nsomba m'mabeseni, kuzitsuka ndi kuziwamba. Ambiri amawambira pa uvuni wa Chorkor, umene unatenga dzina la dera la asodzi mumzinda wa Accra. Pauvunipo amasanjikiza mathireyi a waya kuti utsi wa nkhuni zochepa uwambe nsomba zambiri. Ndi ntchito yoliza maso ndi yotopetsa chifuwa, koma ndiyo imafikitsa ndiwo kumidzi yakutali ndi nyanja. Amayi amene malonda awo anakula amakongoza ndalama ya mafuta kwa eni mabwato, ndipo ena ali ndi mabwato awoawo. Doko lililonse lili ndi mfumu ya asodzi yoweruza milandu ya panyanja, komanso mayi wamkulu woyang'anira ogulitsa nsomba.

Moyo wa anthu onsewa watsamira pa nsomba zing'onozing'ono zoyenda m'magulu, makamaka sardinella, imene kwa Aghana ili ngati mmene usipa ulili kwa ife. Imachuluka kuyambira July mpaka September, madzi ozizira akamakwera kuchokera pansi pa nyanja. Koma kwa zaka zambiri nsombayi yakhala ikuchepa. Mabwato anachulukitsa, ndipo asodzi ena anayamba kukopa nsomba ndi magetsi owala, kuphulitsa mabomba m'madzi ndi kugwiritsa ntchito maukonde a maso ang'onoang'ono. Choipitsitsa chinali malonda otchedwa saiko. Sitima zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja zinkagwira nsomba zing'onozing'ono zimene sizinaloledwe kugwira, n'kuziumitsa ndi ayezi, kenaka n'kuzitsitsira m'mabwato apadera pakati pa nyanja. Bungwe la Environmental Justice Foundation linayerekeza kuti mu 2017 mokha nsomba zodutsa njira imeneyi zinali pafupifupi matani 100,000. Mayi wowamba nsomba ankagula kwa anthu omwewo amene ankalanda chakudya m'ukonde wa mwamuna wake.

Boma linayamba ndi kutseka nyanja. Sitima zikuluzikulu zinayamba kuimitsidwa kwa kanthawi mu 2016, ndipo mu 2019 lamuloli linafikira mabwato ang'onoang'ono. Kuyambira 2021 mabwato ankakhala kumtunda mwezi wonse wa July, pamene sitima zinkaima July ndi August, kuti nsomba ziikire mazira. Boma linkagawa mpunga ndi mafuta ophikira, koma thumba la mpunga silingalipire sukulu ya ana. Chaka chomwecho cha 2021 bungwe la European Union linachenjeza Ghana kachiwiri chifukwa cholephera kuthetsa usodzi wozembera malamulo. Chenjezoli linali lolemera, popeza dzikoli limagulitsa nsomba za tuna ku Ulaya. Boma linakhwimitsa dzanja pa saiko, ndipo mu 2023 linaletsa kulembetsa mabwato atsopano kwa zaka zitatu.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 2025. Unduna wa zausodzi, motsogozedwa ndi a Emelia Arthur, unalola mabwato ang'onoang'ono kupitiriza ntchito mwezi wa July, koma sitima zikuluzikulu zinaimabe miyezi yake iwiri. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la zausodzi, ndipo Pulezidenti John Dramani Mahama analisainira mu August. Lamuloli linakulitsa dera la m'mphepete limene sitima zokoka makoka siziloledwa kulowamo: kale linkalekeza pa makilomita pafupifupi 11 kuchokera kugombe, tsopano likufika pa makilomita pafupifupi 22. Kwa mlovi, amenewa ndi madzi amene ukonde wake sungang'ambidwenso ndi sitima yodutsa usiku, ndiponso malo amene nsomba zingakuliremo zisanakokoloredwe.

Ine ndikuona kuti lamuloli laloza pamene pali chilonda. Mtolo wosamala nyanja uyenera kulemera kwambiri pamutu pa amene amatapa zambiri. Komabe m'madzi simukhomeka chikhomo cha malire. Malirewo adzakhala enieni pokhapokha maboti olondera akamayendera nyanja, makina osonyeza pamene sitima ili akamayang'aniridwa usiku ndi usana, ndiponso wolakwa akamalipitsidwa chindapusa mosayang'ana nkhope. Nawonso asodzi a mabwato ali ndi mbali yawo. Amene amasodza ndi magetsi kapena mabomba akuwononga mbewu ya chaka chamawa, ndipo mafumu a m'madoko ali ndi mphamvu yowadzudzula kuposa wapolisi wochokera ku Accra.

Lachiwiri loyamba la July, anthu a ku Elmina amachita chikondwerero cha Bakatue. Ansembe a makolo amaponya ukonde katatu m'dziwe la Benya potsegulira nyengo ya usodzi, khamu la anthu likuonerera m'mphepete. Zimene amapempha tsiku limenelo ndi zomwenso lamulo latsopanoli liyenera kukwaniritsa: kuti mlovi abwere ndi nsomba zokwana kubweza ngongole ya mafuta, ndi kuti moto usazime pa uvuni wa mayi amene akumudikira kugombe.