Kusamukira ku Linux: kompyuta yatsitsimuka, nanga nyimbo zija zili kuti?

TETE — Pa 14 Outubro 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10, ndipo kuyambira tsikulo eni makompyuta akale anapezeka ali pamphambano. Makina ambiri ogulidwa atagwirapo kale ntchito kwina sangalandire Windows 11, popeza iyo imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 pamodzi ndi purosesa ya zaka zaposachedwa. Njira imodzi yopulumutsira makina oterewa ndiyo kuchotsa Windows n'kuikamo Linux, imene siigulidwa ndipo imayenda bwino ngakhale pa kompyuta yokalamba.

Kwa munthu amene ntchito yake ndi kulemba makalata ndi kuwerenga nkhani pa intaneti, kusamukaku ndi kwa tsiku limodzi. Koma kwa anyamata ndi atsikana amene amapeka nyimbo m'zipinda zawo madzulo akaweruka ku ntchito kapena ku sukulu, kaya ndi ku Matundo, ku Moatize kapena ku Ulónguè, nkhani yake ndi ina. Kompyuta imayaka msanga ndithu, koma pulogalamu imene anaizolowera siwatsatira, ndipo nyimbo zimene anazivutikira zaka zambiri zimakana kutseguka.

Linux ndi chiyani

Linux ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga m'mene Windows ichitira. Anaiyamba ndi Linus Torvalds m'chaka cha 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Kusiyana kwake ndi kwakuti zolembedwa za m'kati mwake n'zoonekera kwa aliyense, ndipo munthu ali ndi ufulu wozikopera, kuzikonza ndi kugawira anzake popanda kuphwanya lamulo. Chifukwa cha ufulu umenewu, Linux ili ndi mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaukhazikitsa mu 2004, n'kuutcha dzina limene tanthauzo lake ndi umunthu. Wina ndi Linux Mint, umene maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi a Windows.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pulogalamu yolembedwera Windows siiyenda yokha pa Linux, pokhapokha eni ake atatulutsa mtundu wina wa Linux. Makampani ambiri a mapulogalamu a nyimbo sanachite zimenezo.

Pamene pagona vuto

Pulogalamu imene opeka nyimbo a m'nyumba ambiri anaphunzirirapo ndi FL Studio, ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina lakuti FruityLoops, ndipo mu 2003 inasintha dzina. Kwa zaka zambiri inali ya Windows yokha, kufikira mu 2018 pamene inafika pa makompyuta a Apple. Yoika pa Linux kampaniyi sinatulutse. Chimodzimodzinso VirtualDJ, imene oimbitsa nyimbo pa maukwati ndi pa zikondwerero amaidalira: ilipo ya Windows ndi ya Apple basi.

Vutoli lili pawiri. Poyamba ndi manja: munthu amene wagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi zaka zisanu amadziwa pamene pali batani lililonse osayang'ana, ndipo kuyamba ina kuli ngati kuphunziranso kupalasa njinga. Kachiwiri, ndipo ili ndilo lalikulu, ndi mafayilo. Nyimbo imene sinathe kukonzedwa FL Studio imaisunga m'fayilo ya mtundu wakewake, yothera ndi zilembo flp. M'fayilo imeneyi simukhala nyimbo yomveka ayi, koma malangizo okha: ng'oma ilire pati, gitala alowe nthawi yanji, mawu a woimba akwere bwanji. Malangizowa amawerengedwa bwino ndi FL Studio yokha. Wochotsa Windows asanaganize za ichi amatsala ndi mafayilo onse ali bwinobwino, koma opanda chotsegulira.

Zimene zilipo pa Linux

Izi sizikutanthauza kuti pa Linux palibe zoimbira. Zilipo zambiri, ndipo zina n'zakale kwambiri.

Yofanana kwambiri ndi FL Studio m'kapangidwe ndi LMMS, imene inayamba mu 2004. Ili ndi malo oyalira ng'oma m'timabokosi ndi malo olembera manoti, kotero wozolowera FL Studio sasochera kwambiri. Komabe ili ndi malire awiri ofunika kuwadziwa. Mtundu wake wa 1.2, umene unatuluka mu 2019, unasiya kutsegula mafayilo a flp, ndiponso sujambula mawu a munthu kuchokera ku maikolofoni. Wopanga biti mu LMMS ayenera kupita nayo kwina kuti akaimbirepo.

Kwinako ndi Audacity kapena Ardour. Audacity inatuluka m'chaka cha 2000, yolembedwa ndi Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, ndipo aliyense amene anadulapo mawu pa wailesi ya m'dera amaidziwa. Ubwino wake ndi wakuti ndi imodzimodzi pa Windows ndi pa Linux, kotero ntchito yoyambidwa uku imatsegukanso uko. Ardour, ya Paul Davis, ndi situdiyo yathunthu: imajambula oimba ambiri aliyense pa mzere wake, n'kusakaniza mawu awo. Imafuna kuleza mtima pophunzira, koma kwaya yonse ikhoza kujambulidwa nayo.

Okonda ng'oma ali ndi Hydrogen. Aphunzitsi a kwaya olemba manoti pa pepala ali ndi MuseScore, imene imayenda pa Windows ndi pa Linux mofanana. Oimbitsa nyimbo pa zikondwerero ali ndi Mixxx m'malo mwa VirtualDJ. Onsewa ndi aulere. Palinso ogulitsa amene eni ake anatulutsa mtundu wa Linux, monga Reaper, imene chiphaso chake cha wogwiritsa ntchito kunyumba ndi madola 60, ndi Bitwig Studio ya ku Berlin.

Pofuna kuti munthu asavutike kusaka imodziimodzi, pali mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu Studio, umene unayamba mu 2007. Umabwera ndi ambiri mwa mapulogalamu aulerewa ataikidwa kale. Kuipa kwake ndi kukula: ndi magigabaiti angapo, ndipo kwa wogula intaneti ya pa foni ku Movitel, ku Vodacom kapena ku Tmcel, ndi ndalama ndithu. Koma popeza lamulo limalola kukopera, fulashi imodzi ikhoza kuzungulira anthu khumi.

Mlatho wa Wine

Amene sakufuna kusiyana ndi FL Studio amayesa njira ya Wine. Iyi ndi pulogalamu imene inayamba mu 1993, ndipo kuyambira 1994 akuitsogolera ndi Alexandre Julliard. Ntchito yake ili ngati ya womasulira: pulogalamu ya Windows ikapempha kanthu, Wine amatembenuza pempholo kuti Linux imve. FL Studio imatha kuyaka motero, ndipo ena amamaliza nayo nyimbo.

Koma mlathowu suli wolimba paliponse. Pa ntchito ya makalata, kuchedwa pang'ono sikuoneka. Pa nyimbo, munthu akadina kiyibodi mawu n'kumveka mochedwa ngakhale pang'ono pokha, kuimba kumasokonekera. Kuchepetsa kuchedwako kumafuna kukonza zina m'kati, zimene woyamba kumene sangazidziwe. Ndiponso zinthu zikavuta, Image-Line sithandiza wogwiritsa ntchito Wine, popeza si njira imene iwo anaivomereza.

Palinso nkhani ya timapulogalamu towonjezera totchedwa VST, timene timapereka mawu a piyano, a malipenga kapena kukometsa mawu a woimba. Tambiri tinalembedwera Windows. Chida chotchedwa yabridge chimatilola kugwira ntchito pa Linux kudzera mwa Wine yemweyo, koma tina timakana, makamaka tokhala ndi loko wa chiphaso, ndipo nthawi zina tomwe timayenda lero timaima Wine akasinthidwa.

Mbali ya zipangizo ndiyo ili ndi uthenga wabwino. Timabokosi tambiri tolumikizira maikolofoni ku kompyuta kudzera pa USB, monga Focusrite Scarlett 2i2 ndi Behringer UMC22, timagwira ntchito pa Linux tikangolumikizidwa. Makiyibodi ambiri a MIDI ndi chimodzimodzi.

Zoyenera kuchita Windows isanachotsedwe

Nzeru yonse ya nkhaniyi ili pa nthawi. Zimene zingapulumutse nyimbo ziyenera kuchitika FL Studio ikadali kuyaka.

Choyamba ndi kutulutsa nyimbo iliyonse m'mitundu ya mafayilo imene pulogalamu iliyonse imamva. Mawu atulutsidwe ngati WAV, ndipo osati nyimbo yonse pamodzi yokha ayi, komanso mzere uliwonse pawokha: ng'oma payokha, bezi payokha, woimba payekha. FL Studio ili ndi malo osankhira zimenezi potulutsa nyimbo. Manoti atulutsidwe ngati MIDI, muyeso umene makampani a zoimbira anagwirizana mu 1983 ndipo mpaka lero ukugwira ntchito. Mizere imeneyi ikalowa mu Ardour kapena mu Reaper, nyimbo imapitirira pamene inalekera. Zonsezi zisungidwe pa disiki ina ya kunja, pamodzi ndi mafayilo a flp omwe.

Chachiwiri ndi kuyesa. Linux ikhoza kuyatsidwa kuchokera pa fulashi popanda kukhudza chilichonse cha m'kompyuta. Pamenepo munthu alumikize maikolofoni yake, kiyibodi yake ndi zokuzira mawu, aone ngati zonse zikumveka, ndipo ayese kupanga biti imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Angathenso kuika LMMS, Audacity, MuseScore ndi Mixxx pa Windows pomwepo, popeza onsewa alipo a Windows, n'kuzolowera kwa mwezi umodzi asanasamuke.

Chachitatu, kwa amene FL Studio ndiyo imawapatsa kangachepe kogulira ndiwo, kusankha sikuyenera kukhala kwa mbali imodzi. Kompyuta imodzi ikhoza kusunga Windows ndi Linux pamodzi, munthu n'kumasankha poyatsa. Windows 10 sinaleke kuyaka pa 14 Outubro 2025. Chimene chinatha ndi zigamba za chitetezo zobwera nthawi zonse, ndipo ngoziyo imachepa kwambiri ngati mbali ya Windows isungidwa ya nyimbo zokha, yosalumikizidwa ku intaneti ndi yosalandira fulashi iliyonse.

Amisiri oika Linux m'makompyuta a anthu ali ndi udindo pa nkhaniyi. Asanafufute disiki, ayenera kufunsa mwini wake osati za makalata ndi zithunzi zokha, komanso chimene amachita ndi kompyutayo Loweruka madzulo. Funso limeneli silitenga mphindi imodzi, koma disiki ikafufutidwa nyimbo zisanatulutsidwe, kuzibweza kumafuna kupezanso Windows ndi FL Studio, pamodzi ndi timapulogalamu tonse timene tinalowa m'nyimbomo.