Shuga Wofiira wa ku China: Kodi Amawonjezeradi Magazi?

Ku China mtsikana akamva kupweteka m'mimba pa nthawi ya msambo, kawirikawiri amayi ake amamuwiritsira jinja n'kuthiramo shuga wabulauni. Iwo amamutcha hongtang, kutanthauza shuga wofiira. Chakumwa chomwechi amapatsanso wodwala chimfine komanso mayi amene wangobereka kumene.

Mwambowu ndi wakalekale. M'chaka cha 647, mfumu Taizong inatumiza anthu ku India kuti akaphunzire kuphika shuga kuchokera ku nzimbe. Asing'anga a ku China amagawa zakudya m'magulu a "zotenthetsa" ndi "zoziziritsa" thupi, ndipo hongtang anamuika pa zotenthetsa. Amati amathamangitsa kuzizira, amayendetsa magazi ndiponso amawawonjezera.

Nanga sayansi ikuti bwanji? Hongtang amapangidwa powiritsa madzi a nzimbe mpaka atauma, osachotsamo manyuchi. Manyuchiwo ndi amene amamupatsa mtundu wake komanso timchere pang'ono monga ayironi ndi kashiamu. Thupi limafunadi ayironi popanga himogulobini, yemwe amanyamula okosijeni m'magazi.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Magalamu 100 a hongtang ali ndi ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 2. Mtsikana wa zaka 14 mpaka 18 amafunika mamiligalamu 15 patsiku. Ndiye kuti angafunike kudya shuga woposa theka la kilogalamu tsiku lililonse! Chonsecho bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku. Mukapyola pamenepo, mukuitana kuwola kwa mano ndi kunenepa kwambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amati akamwa amapezako bwino? Ululu wa msambo umabwera pamene timadzi totchedwa prostaglandin tachititsa chiberekero kukungana mwamphamvu. Kafukufuku wina amasonyeza kuti jinja amachepetsako ululuwu, ndipo chakumwa chotentha chimatonthoza thupi. Shuga ntchito yake n'kupereka mphamvu msanga ndi kuziziritsa kuwawa kwa jinjayo. Chimfine nachonso chimatha chokha pakadutsa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kaya mwamwa kapena ayi.

Choncho kapu imodzi si yoipa. Vuto limabwera munthu wochepa magazi akadalira shuga n'kuchedwa kupita kuchipatala. Ngati mukumva chizungulire, mukutopa msanga kapena m'maso mwayera, kayezetseni magazi. Ayironi weniweni mumupeza m'chiwindi, nyama, nyemba ndi masamba obiriwira ngati bonongwe.