"NETIWEKI YAGWA": KODI CAGWA N'CIANI?

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala, mitambo ili kuunjikana pa mapiri a Mphangwe, ndinaima pa khonde la sitolo ina yogulitsa fataleza pa boma la Katete. Alimi anali ambiri, ena atabwera ndi ngolo za ng'ombe kucokera kwa Mbang'ombe. Mnyamata wa m'sitolomo anasuzumira pakhomo nanena mau awiri okha: "Netiweki yagwa." Amai ena okalamba anandiceukira nafunsa kuti, "Mwana wanga, cagwaco cagwera kuti, tikacidzutse?" Anthu anaseka, koma funsolo linali la nzeru.

Owerenga athu adzakumbukira kuti njira yolandirira fataleza ndi mbeu za FISP pa makina, yochedwa e-voucher, inayamba m'caka ca 2015 m'maboma 13, ndipo mu 2017 inafalikira m'dziko lonse. Mu 2018 maboma ambiri anabwerera ku njira yakale, ndipo kufooka kwa netiweki kumidzi kunali cimodzi mwa zifukwa zake. Pambuyo pace njira ya makinayi inabwezedwanso.

Cofunika kudziwa ndi ici: dzina la mlimi silikhala m'kompyuta ya m'sitolo. Maina onse ali m'buku limodzi lalikulu la Boma lochedwa ZIAMIS, losungidwa pa makina akutali amene akatswiri amati seva. Kompyuta kapena lamya ya wogulitsa ili ngati zenera cabe. Iye amagogoda, seva imamtsegulira, naona tsamba la mlimiyo ndi kulembapo matumba amene wapereka. Ulendo wa uthengawo ndi wautali, ndipo ukhoza kuduka pali ponse.

Wogulitsa wodziwa nchito yace amayamba kufufuza pafupi. Kodi magetsi alipo? Tonse tinaona mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, momwe magetsi anali kuzimira maola ambiri. Nsanja za lamya nazonso zimafuna magetsi, ndipo mabatire ace akatha, dera lonse limangoti zii. Kodi ndalama za intaneti m'lamya sizinathe? Cimeneci n'camanyazi kucichula, koma cimacitika kawirikawiri, ndipo "netiweki" ndiyo imasenza mlandu.

Ku Vubwi, kumene kunakhala boma pakokha mu 2012 monganso Sinda, kuli bvuto lina. Midzi ina ya kwa Pembamoyo ili pafupi ndi malire, kotero kuti lamya imasiya nsanja ya kwathu ndi kugwira ya ku Malawi. Mwini wace amaona timizere todzaza nayesa kuti zonse zili bwino, pamene uthenga umene akudikira sufika. Mankhwala ace ndi kulowa m'makonzedwe a lamya ndi kusankha yekha netiweki ya mu Zambia, osaisiya idzisankhire.

Tsono ngati lamya ikutsegula zina zonse koma buku la Boma lokha likukana, funsani sitolo yapafupi, kapena imbirani mbale wanu ku Sinda. Akati nakonso kwatsekeka, dziwani kuti bvuto lili ku seva. Mvula ikayandikira, masitolo a m'dziko lonse amagogoda pa khomo limodzi nthawi imodzi, monga anthu pa cigayo tsiku loti mawa ndi Khrisimasi. Pamenepo palibe cimene wa m'sitolo angakonze koposa kudziwitsa ofesi ya zaulimi ndi kuyesanso m'mamawa kapena madzulo, pamene ogogoda acepa.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene netiweki yaduka nchito ili pakati. Seva ikhoza kukhala italemba kale kuti mwatenga matumba anu, koma yankho lace silinafike pa kompyuta ya m'sitolo. Inu mubwerera kumudzi ngolo ili yopanda kanthu, pamene buku likuti mwalandira. Cifukwa cace musacoke msanga. Netiweki ikabwerera, pemphani wogulitsa atsegule tsamba lanu, muone ndi maso anu cimene calembedwa asanayambenso nchitoyo kaciwiri. Ngati simudziwa kuwerenga, pitani ndi mwana wa sukulu kapena mlembi wa kopaletivu yanu.

Ndipo ndinene mosabisa: musasiye reji yanu, kapena nambala yacinsinsi imene yabwera pa lamya yanu, kwa munthu amene akuti, "Siyani, tidzakucitirani ikadzuka." Ogulitsa ambiri ndi okhulupirika, koma nambalayo ikagwira nchito inu kulibe, mudzatsutsana ndi buku, ndipo buku lidzapambana. Mudzakhala mutataya K400 yanu imene munaika, pamodzi ndi cimanga ca caka cathunthu.

Kulinso nthawi imene palibe cagwa konse. Anzanu onse akulandira, inu nokha makina akukukanani. Pamenepo colakwa cili pa tsamba lanu: mwina dzina linalembedwa mosiyana ndi la pa reji, mwina ndalama yanu siinaonekebe m'buku. Kukhala pa khonde la sitolo sikudzathandiza. Wokonza zimenezi ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu pamodzi ndi ofesi ya zaulimi pa boma.

Tsiku lija ku Katete seva inatseguka dzuwa litapendeka, mzere nuyamba kuyenda. Itafika nthawi ya amai aja, makina anawakana. Tinayang'anitsitsa reji yao, ndipo tinapeza kuti pamene panali 7, m'buku munalembedwa 1. Anamangiriranso rejiyo pa nsonga ya citenje, nauza mdzukulu wao kuti akamwetse ng'ombe, pakuti zinali zitaima pa dzuwa ciyambire m'mawa.