Mfuti za Alenje Zomwe Zinaposa Zinzake

Pa zipolopolo zonse za alenje zogulitsidwa m'sitolo, chomwe chinakhala zaka zambiri chili patsogolo pa liwiro ndi .220 Swift. Kampani ya Winchester inachitulutsa mu 1935, ndipo chimachoka pakamwa pa mfuti chikuthamanga mamita oposa 1,200 pa sekondi. Koma mutu wake ndi kanthu ka magalamu atatu okha. Nkhandwe kamaigwetsa, koma nchefu kangangoipweteka n'kuisiya ikavutikire kutchire. Moto wake umadyanso mpope wa mfuti msanga.

Chimphona pa kukula ndi .700 Nitro Express, chomwe Holland & Holland ya ku London inapangira mfuti yake mu 1988. Mutu wake umalemera magalamu pafupifupi 65, mfutiyo ili ndi mipope iwiri ndipo imalemera makilogalamu ngati asanu ndi atatu. Ndi ya njovu imene yafika kale pafupi. Patali ilibe ntchito, ndipo ambiri oigula amangofuna kuti anzawo aione.

Nanga kutali kwenikweni ndi kuti? Mu 2022 ku Wyoming m'dziko la America, gulu la akatswiri linalasa chandamale chomwe chinali pa mtunda wa makilomita asanu ndi awiri, ndi chipolopolo cha .416 Barrett. Chinauluka masekondi 24 chisanafike, ndipo chinali cha nambala 69, zina zonse zitaphonya. Chandamale chimadikira, ngoma siidikira. Ngakhale pa mamita 500 pokha nkhani imakhala itavuta kale: chipolopolo cha .30-06 chimatsika kupitirira mita imodzi, ndipo mphepo ya makilomita 16 pa ola, yongogwedeza nthambi, imachikankhira pambali pafupifupi theka la mita. Theka la mita pa thupi la nyama ndiye kusiyana kwa mtima ndi matumbo.

Mlenje amene mbiri yake imadabwitsa kwambiri sanadalire mphamvu kapena liwiro. W.D.M. Bell wa ku Scotland, yemwe ankadziwika kuti Karamojo Bell chifukwa chosaka ku Karamoja ku Uganda, anapha njovu 1,011 m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Pafupifupi 800 anazipha ndi 7x57 Mauser, kachipolopolo ka 1892 komwe lero anthu amasakira mbawala. Ankang'amba zigaza za njovu kuti aone pamene pali ubongo, kenako n'kumayandikira ndithu asanawombere. Chiwerengero chimenecho lero chimachititsa manyazi, ndipo malamulo a maiko angapo a mu Africa saloleza n'komwe mfuti yaing'ono chotero pa nyama zoopsa. Koma Bell anaonetsa kuti malo amene chipolopolo chalowera ndiwo amagwetsa nyama.

Malamulo amenewo kawirikawiri amayambira pa .375 H&H Magnum, cha 1912, chomwe ine ndimachipatsa ulemu wa kugwira ntchito zambiri kuposa china chilichonse. Chimakwanira njati, komanso chimauluka mowongoka ndithu moti n'kufikira ngoma ili tsidya la dambo. John Taylor wa ku Ireland, wotchedwa Pondoro, amene anasaka zaka zambiri m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique, anachitamanda kwambiri m'buku lake la 1948, African Rifles and Cartridges. Mpaka pano alenje obwera ndi chilolezo ku chigwa cha Luangwa amachinyamula.

Pa kukhalitsa, titchulepo ziwiri. Chija cha .30-06 chinayamba ndi asilikali a America mu 1906, pomwe 6.5x55 cha ku Sweden ndi Norway ndi cha m'ma 1890, ndipo anthu akumeneko akusakirabe nacho nyama zawo zikuluzikulu za m'nkhalango. Chosangalatsa n'chakuti 6.5 Creedmoor, chomwe Hornady inatulutsa mu 2007 n'kutenga msika ngati moto wa tchire, chimachita pafupifupi zomwezo za gogo wake wa ku Sweden: mutu wautali, wowonda, wodula mphepo bwino, ndipo mfuti siimenya phewa kwambiri.

Za phewazi si nkhani yaing'ono. .300 Winchester Magnum cha 1963 ndi 7mm Remington Magnum cha 1962 zimafika patali zili ndi mphamvu yochuluka, n'zoona. Koma mukaonetsetsa munthu amene akuiopa mfuti yake, amatsinzina ndi kukweza phewa mfuti isanalire n'komwe, ndipo chipolopolo chimapita kwina. Woteroyo .270 Winchester cha 1925 chingamuthandize kuposa zonsezi.

Mfuti yeniyeniyo amaiyesa poona ngati zipolopolo zingapo zotsatizana zikugwa mkati mwa masentimita atatu pa mamita 100. Kale mfuti yokwanitsa zimenezi inali yosowa, lero ndi lonjezo la pabokosi. Remington Model 700, yomwe inatuluka mu 1962, yagulitsidwa zoposa mamiliyoni asanu. Komabe yomwe yakoperedwa kwambiri ndi Mauser 98 ya Paul Mauser, ya 1898. Chikhadabo chake chachikulu chimagwira khoko la chipolopolo kuyambira polowa mpaka potuluka, n'chifukwa chake alenje otsata njati yovulala m'matsekera akuifunabe mpaka lero.