Za Zizindikiro za pa Ndege za Nkhondo

Abale athu, kapena munaonapo chithunzi cha ndege ya nkhondo yakale, ndipo munadabwa ndi mawanga ozungulira a pa mapiko ake. Musayese kuti anali okometsera chabe ai. Moyo wa woyendetsa unali pa mawangawo, pakuti msilikali wa pansi akalephera kuzindikira ndege ya kwao, ankaiwombera ngati ya mdani.

Afalansa ndiwo anayamba mwambowu m'chaka cha 1912. Angerezi, polowa nkhondo ya 1914, analemba mbendera yao pa mapiko. Koma ndege ikakwera kutali, mtanda wofiira wa m'mbenderamo unkafanana ndi mtanda wa Ajeremani, ndipo anzao omwe ankaiwombera. Chaka chisanathe anatengera Afalansa, nasinthanitsa mitundu: pakati pofiira, kenaka poyera, kunja kwa buluu.

Nanga ankalemba bwanji? Ndege za masiku amenewo zinali za mitengo, zokutidwa ndi nsalu ya bafuta. Amisiri ankapaka nsaluyo mankhwala oikunga ngati chikopa cha ng'oma. Itauma, ankalemba mizere yozungulira kuchokera pakati, monga timachitira ife ndi chikhomo ndi chingwe poyesa malo a nkhokwe. Atatero ankapaka utoto ndi burashi, mtundu umodzi uume asanaike wina. Manambala ankawalemba poika pepala lolimba lobooledwa, utoto nulowa m'mabowomo.

Zizindikiro zazing'ono, monga dzina la fakitale pa chopukusa mphepo cha kutsogolo, sizinali zolemba pamanja. Zinkafika zosindikiziratu pa pepala. Mmisiri ankamata chithunzicho pa malo ake, ndipo pomaliza ankapaka vanishi pamwamba kuti mvula ndi mafuta zisachichotse.

Pa nkhondo yachiwiri vuto lija linabweranso. Ndege za Japan zinali ndi dzuwa lofiira, choncho mu May 1942 Aamereka anafafaniza kadontho kofiira ka pakati pa nyenyezi yao. Angerezi a ku India ndi Burma anachotsanso chofiira mu 1943. Motero makolo athu a K.A.R. amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ankaona mawanga a buluu okhaokha.

Ku Sicily, mu July 1943, ndege 23 zonyamula asilikali a Amereka zinagwetsedwa ndi anzao usiku umodzi. Atsogoleri sanaiwale malirowo. Pokonzekera kuoloka kunka ku Normandy pa 6 June 1944, analamula kuti pa mapiko ndi pa thupi la ndege palembedwe mizere isanu, itatu yoyera ndi iwiri yakuda; pa ndege ya injini imodzi mzere uliwonse unali wa mainchesi 18 m'lifupi. Lamulolo analibisa kufikira masiku otsiriza kuti mdani asatengere, ndipo amisiri anapaka mofulumira ndi maburashi. Ndicho chifukwa chake pa zithunzi zakale timaona mizere yambiri ili yokhotakhota.